Tsiku lotsekera sukulu ya mkaka, ana achite zotani? Thandizeni maganizo

Anti_wa_ku_Bangwe:
Moni nonse. Ine ndimaphunzitsa pa kasukulu ka mkaka kuno ku Bangwe, tili ndi ana 42, azaka 3 mpaka 5. Tikutsekera mu July ndiye 14 mwa iwowa akupita ku sitandade 1 mu September, makolo akufuna mwambo wa giladuweshoni. Vuto ndi lakuti chaka chatha zinatikanika zedi, tinawaloweza ana ndakatulo yachizungu mwezi wathunthu koma atangoona khamu la anthu ndi maiki mwana woyamba anangoyamba kulira, wachiwiri anathawira kwa mayi ake, kenako DJ amene tinachita hayala anaika nyimbo zakumowa ana nkumadukula pamaso pa abusa, ine manyazi ngati ndilowe pansi. Chaka chino ahedi andisiyira ine pulogalamu yonse. Ndalama ndi zochepa, za jumping castle iwalani. Amene munapangapo ndiuzeni, ana angachite chani chosangalatsa koma chosavuta?

Gogo_Mlezi:
Mwana wanga pepa, zimenezo tonse tinadutsamo kkkk. Ine ndalera ana pa sukulu ya mmera mpoyamba kumudzi kuno kwa zaka zambiri ndiye chimene ndinaphunzira ndi chakuti mwana wazaka 4 sachita bwino chinthu chimene wangochiloweza, amachita bwino chimene amasewera kale tsiku ndi tsiku. Ndiye yamba ndi nthano. Iweyo ukhale wofotokoza, unene kuti padangokhala, ana ndi makolo omwe ayankhe tilitonse, basi anthu onse alowa kale mmasewero. Tenga ija ya nyama zokumba chitsime nthawi ya chilala, Kalulu nkukana kukumba koma nkumabwera kudzaba madzi mpaka Kamba anamugwira. Ubwino wake nthano imeneyi ili ndi nyama zambirimbiri ndiye mwana aliyense apezapo malo, wina njovu wina fisi wina nyani, ngakhale ukhale ndi anyani 10 palibe angadandaule. Mwana asaloweze mawu ambiri, chiganizo chimodzi chakwana, ena angolira ngati nyamayo basi. Makutu a kalulu dula pa katoni, chitamba cha njovu sokosi yakale, chigoba cha kamba ndi lichero kumumangira kumsana ndi chitenje. Ife tinachitapo chaka china, kamba wathu anali kamtsikana kamanyazi kosayankhula mkalasi koma kanakwawa pang'onopang'ono bwalo lonse anthu mpaka kugwa ndi phwete, agogo ake anamufupa nkhuku yamoyo.

Ukatha apo ika zilape, ana afunse makolo. Mwana akuti chilape, makolo nachize, nyumba ya amayi yopanda khomo. Udzaona abambo ovala masuti akukanda mmutu pomwe yankho ndi dzira, ana amasangalala koopsa akaona kuti agonjetsa akuluakulu. Tiana tazaka 3 usativutitse, tiimbe nyimbo imodzi yoloza mutu, mapewa, mawondo nkukhala pansi.

BamboWaTwo:
Gogo mwanena bwino koma ine monga kholo ndinene chilungamo. Timalipira fizi kuti mwana adziwe chizungu, ndiye ndikabwera pa giladuweshoni nkungomva za Kalulu ndi Kamba ndibwerera ndi mafunso, zimenezo agogo ake amamuuza kale kwaulere. Pakhaleko kenakake koonetsa kuti ndalama yathu yagwira ntchito.

Madamu_Area25:
Bambo simukunama, makolo ambiri amaganiza choncho ndipo mwini sukulu amadziwa kuti tsiku limenelo ndi lotsatsanso malonda, anthu oyandikana nawo amabwera kudzaona ngati angalembetse ana awo. Koma chizungu chake chisakhale cha sipichi yaitali imene mwana sakudziwa ndi tanthauzo lomwe. Ife timapanga ka fashoni sho ka ntchito, mwana aliyense amavala monga chimene akufuna kudzakhala, nesi, wapolisi, dalaivala, mlimi, woyendetsa ndege, amayenda kufika kutsogolo nkunena dzina lake, zaka zake ndi ntchitoyo mchizungu, ziganizo zitatu basi. Zovala makolo amasaka okha, shati yoyera ya abambo yasanduka ya dokotala, kapu ndi wisulo wasanduka wa trafiki. Chinanso ndi kamsika, timayala tomato, nthochi, mabotolo opanda kanthu, ena ogulitsa ena ogula ndi ndalama zamapepala, pamenepo akuwerenga manambala ndi kutchula mitundu mchizungu osadziwa nkomwe kuti akuyesedwa. Chaka chatha kamnyamata kena kananenerera mtengo ngati mayi ake pa msika, kuti ayi mwadulitsa chotsaniko, bwalo lonse linafa nako kuseka.

Za DJ zo anti, musamusiyire. Sankhani nokha nyimbo muike pa fulashi, mumuuze kuti kunja kwa zimenezi asaike ina. Kapena musiyeni kumene, pezani ng'oma imodzi ndi munthu woitha.

Mnyamata_wa_Dowa:
Pa magule ndithandizepo. Anyamata apange mganda, ndi wosavuta kwa ana chifukwa ndi wa mizere ngati asilikali, sitepe ziwiri zitatu zobwerezabwereza, avale kabudula ndi shati yoyera, sokosi zazitali, kampango mmanja. Mabadza enieni a chikho mwina simuwapeza ku Blantyre, koma kapaipi kapena mpukutu wa katoni kumata pulasitiki yopyapyala kumapeto kamalira bwinobwino mwana akamang'ung'udziramo. Atsikana chitelera kapena chimtali, bwalo lozungulira, zitenje zofanana, kuomba mmanja, koma muone mawu a nyimbo chifukwa zina zachimtali ndi zazikulu, ikanimo mawu anu a zosamba mmanja kapena zopita kusukulu. Poti muli kummwera beni ndiye angakhale wapafupi, pamenepo simungasowe munthu wa ku Mangochi kapena ku Zomba woti awaphunzitse. Maseche pangani ndi mabotolo a pulasitiki kuikamo timiyala kapena chimanga, mutseke zolimba ndi selotepi tiana tingameze.

Chimodzi chokha ndikupempheni, musaveke ana zigoba kuti akutsanzira gule wamkulu. Ndinaonapo pa sukulu ina mtauni akuti ndi chikhalidwe, kwathu kuno zimenezo ndi mlandu wa kwa mfumu, gule ali ndi eni ake ndi malamulo ake, komanso makolo ena a mipingo adzanyamuka pompo.

Mayi_a_Mapasa:
Ine zanga ndi za nthawi basi. Mwambo wa ana anga tinaitanidwa 9 koloko unayamba 11, mlendo wolemekezeka anayankhula mpaka ana anagona mmagauni, ena anadzikodzera chifukwa panalibe wowaperekeza kuchimbudzi. Chonde ana achite zawo koyambirira akadali ndi mphamvu, akuluakulu aziyankhula ana akumwa phala kapena thobwa. Chilichonse chisapitirire mphindi 5, mwambo wonse maola awiri watha. July ku Bangwe mukudziwa nokha chiperoni chake, musawavule majuzi chifukwa cha kostyumu, ndipo mukhale ndi malo amkati ngati kwayamba mawawa. Komanso yesererani pamalo pomwepo ndi maiki yomweyo kawiri katatu, mwana wanu analira uja mwina anangodzidzimuka ndi mawu ake pa sipika. Magetsi akathima ng'oma ija ikupulumutsani. Ndipo makolo tipatseniko mpikisano wathu, kuthamanga mmatumba kapena kuyenda ndi botolo pamutu, ana amakondwa kuona bambo awo akugwa kkkk.

Anti_wa_ku_Bangwe:
Eee zikomo nonse, ndalemba zonse mkope. Ndatenga nthano ya chitsime, ka fashoni sho ka ntchito kuti a BamboWaTwo ndi anzawo amveko chizungu, zilape, kenako beni chifukwa mlonda wathu ndi wa ku Mangochi ndipo wavomera kale kuti aziwaphunzitsa Lachitatu ndi Lachisanu akaweruka. DJ ndamuchotsa, ndalama yake tigulira mandasi. Chatsala ndi chakuti ana 9 onse akufuna kukhala Kalulu, gogo pamenepa munkatani?

Gogo_Mlezi:
Akhale akalulu onse 9, Kamba agwire mmodzi enawo athawe. Ungosaka makatoni okwanira makutu 18.