Za sikana yanga ija yodula mawu

Sabata yatha ndinafunsa chifukwa chake sikana yanga (wailesi yomverera mauthenga a ogwira ntchito zadzidzidzi) imadula mawu ndikamamvera ozimitsa moto kuno ku Indiana, ku America, pa netiweki yawo ya mawailesi yotchedwa SAFE-T. Inu amene munati vuto ndi simulcast munalasa. Pa simulcast, nsanja zingapo zimaulutsa uthenga umodzimodzi wa P25 (mtundu wa mauthenga a wailesi a dijito), koma umafika kwanga mosiyana nthawi pang'ono, mawu n'kumaduka.

Ndinagula kachipangizo kolandira mauthenga a wailesi ka RTL-SDR, ndinaika pulogalamu ya SDRTrunk pa kompyuta, mlongoti wa Yagi (umene umakoka uthenga kuchokera mbali imodzi) n'kuuika pazenera la kukhitchini, n'kuulozetsa nsanja imodzi. Dzulo usiku, nsima ili pamoto, ndinamva mayi wotumiza magalimoto akuitana ambulansi, liwu lililonse lomveka bwino. Mtima unangoti myaa! Magulu amene amabisa zokambirana zawo ndi encryption sakumvekabe, ndipo amenewo ndawasiya. Zikomo kwambiri, abale anga.