Ma settings a driver ndiwasunge mu fayilo ya mtundu wanji?

Moni nonse akuluakulu. Ndikulemba driver (pulogalamu yothandiza kompyuta kulankhulana ndi chipangizo) mu chiyankhulo cha mapulogalamu cha C, ya masikelo olumikiza pa serial port (polumikizira chingwe chodutsa data), pa kakompyuta ka Raspberry Pi koyendera Linux. Pandivuta ndi posankha mtundu wa fayilo yosungiramo port, baud rate (liwiro lotumizira data) ya 9600 ndi calibration (manambala othandiza kuyeza molondola) ya sikelo iliyonse.

Ndinayamba ndi mtundu wa fayilo wotchedwa INI, koma masikelo akachuluka zimasokonekera poti kuika gulu m'kati mwa gulu lina n'kovuta. Mtundu wa JSON sulola ma comment (mawu ofotokozera olembedwa m'fayilomo), chonsecho ozidzasintha fayiloyi ndi anthu okonza masikelo, osati olemba mapulogalamu. YAML ndiye ayi ndithu, munthu akangoyamba mzere ndi Tab m'malo mwa space, fayilo yonse yakana.

Kodi mtundu wa fayilo wa TOML ungathandize pamenepa? Amene munaugwiritsapo ntchito mu C, library (pulogalamu yolembedwa kale yowerengera fayiloyi) yopepuka ndi iti? Kapena ndingopirira ndi INI yomweyo?