Chitini cha zilembo za Chirasha m'nkhokwe ya agogo

Mdzukulu wa ku Limbuli:
Dzulo tikuphwasula nkhokwe ya malemu agogo tinapeza chitini chobiriwira, cholimba kwambiri, cholembedwa Chirasha pamwamba. Agogo ankasungiramo mbewu ya nandolo. Amayi akuti anachipeza kwa munthu wothawa nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, wochokera ku Milange, posinthana ndi makaka. Akuluakulu muli muno, chinali cha ntchito yanji? Nanga asilikali aja ankayenda ndi zida zotani?

Mkulu wa pa Muloza:
Mwanawe, chimenecho n'cha zipolopolo. Zinkabwera zomata ngati nsomba za m'chitini kuti zisachite dzimbiri. Ine ndinali mnyamata mu 1986 pamene a Renamo, omwe ankalimbana ndi boma, analanda Milange, anthu n'kuwoloka Muloza ali piringupiringu, mitolo ili pamutu.

Mfuti ya aliyense inali AK-47, magazini imodzi zipolopolo 30. M'gulu mumakhalanso wina wa RPG-7, ife tinkangoti bazuka. A Frelimo, omwe anali a boma, zida ankalandira ku Soviet Union. A Matsanga, momwe tinkawatchulira a Renamo, anayamba kuthandizidwa ndi Rhodesia, kenako South Africa kuyambira 1980, amene ankawapatsanso mawayilesi olankhulirana. Zina ankangolanda akagonjetsa a boma.

Koma musaganize za asilikali a pa perete. Yemwe ndinamuona pafupi anali wopanda nsapato, malaya ali mbuu, lamba wa mfuti atamanga luzi. Chakudya analibe, ankalanda m'midzi, ndipo katundu ankasenzetsa anthu ogwidwa. Malume anga anasenza thumba la ufa masiku atatu asanathawe.

Mayi wa ku Chisitu:
Bambo, mwaiwala a Naparama a Manuel António, ku Zambezia konko. Iwo mfuti ankakana, ankapita ndi mikondo ndi zikwanje, atatemera mphini zoti chipolopolo chisalowe. Zoona kapena zabodza, a Renamo ankawathawa ndithu. Mtsogoleri wawoyo anaphedwa kunkhondo mu 1991.

Mkulu wa pa Muloza:
Eya mayi, mwandikumbutsa. Iwe mdzukulu, chitini chilibe vuto, koma ukapeza chitsulo china chosadziwika usachigogode, kauze apolisi. Nkhondo inatha 1992, koma mabomba okwirira anapitiriza kudula anthu miyendo, mpaka mu 2015 m'pamene Mozambique inalengeza kuti yatha kuwachotsa.

Mdzukulu wa ku Limbuli:
Zikomo bambo, munalibe china ayi. Nandolo yekha ndiye wafumbwa yense. Chitinicho amayi achitsuka kale, akuti aziikamo mchere.