Tiyi wa pu-erh wokhalitsa: ndigule kapena ndisiye?

Mlongo wa ku Limbe: Abale, ndili ku Guangzhou kuno ku China kudzaoda katundu. Mnzanga wanditengera kumsika wa tiyi wa Fangcun, ndiye wogulitsa wina wandikakamira ndi chimbale cha masamba opanikiza a tiyi wa pu-erh wa mtundu wa sheng (uja amasintha yekha pang'onopang'ono zaka zikamapita), cholemera magalamu 357. Akuti ndi tiyi wotchuka wa nambala 7542 wa ku fakitale ya Menghai, wa m'ma 1990, mtengo ma yuan 800, ndalama za kuno. Ndalawa, akukoma ndithu. Ndigule?

Achimwene a ku Thyolo: Achemwali, tiyi wazaka 30? Kuno akagonera chaka m'kabati timataya. Ndalama imeneyo onjezerani pa katundu.

Amalume a ku Leeds: Achimwene, uyu si wathu wothira mkaka uja ayi. Amachokera kuchigawo cha Yunnan ku China. Masamba ake amawakazinga pang'ono, n'kuwayanika padzuwa, kenako amawafewetsa ndi nthunzi n'kuwapanikiza. Akakhala watsopano amawawa ndipo amaumitsa m'kamwa. Zaka zikamapita madzi ake amafiira, ukali umatha, pamabwera kafungo ka matabwa akale ndi zipatso zouma. Ukameza, kukhosi kumayamba kutsekemera pakapita kanthawi. Anthu amalipirira zimenezo. Koma mdzukulu wanga, 7542 weniweni wa m'ma 1990 sagulitsidwa ma yuan 800. Mtengo wake umaposa pamenepo kambirimbiri. Pepala lokutira lisakunamize, opanga zachinyengo amasindikiza lofanana ndendende.

Mlongo wa ku Limbe: Amalume, ndiye ndamwa chiyani ine?

Amalume a ku Leeds: Mwina sheng wazaka zochepa amene anamusunga dala pachinyontho kuti aoneke wamkulu, kapena anasakaniza ndi shou. Shou ndi uja anayamba kupanga mu 1973, amaunjika masamba n'kuwanyowetsa kuti afufume m'milungu yochepa. Bwerera ukawauze afululenso. Madzi oyamba amataya. Upitirize mpaka kachisanu ndi chitatu, uone ngati kukoma kukadalipo. Akamaliza tola tsamba limodzi m'kambalemo ulitambasule ndi zala. La sheng wokhalitsa limakhala lofiirira, lofewa, limatambasuka bwino. Likakhala lakuda bii n'kumanyenyeka, pali nkhani. Nunkhizanso chimbalecho: kafungo ka m'chipinda chakale si vuto, koma fungo la chuku lokanda kukhosi usalole.

Mayi a mapasa: Ine ndikuona mosiyana pang'ono. Ngati wakukomerani, chaka chili ndi ntchito yanji? Magalamu 7 pa ulendo umodzi, chimbale chimenecho mumwa maulendo 50, ndipo masamba omwewo mumathira madzi kambirimbiri. Kuwerengetsa bwino sizodula.

Amalume a ku Leeds: Zoona mayi, koma alipire mtengo wa tiyi amene alipodi, osati wa nthano. Ndipo zaka pazokha sizinena zonse. Wosungidwa ku Kunming kouma amachedwa kusintha, wa ku Hong Kong kwachinyontho amafulumira. Ambiri anapsa manja mu 2007 mitengo ya pu-erh itagwa, chifukwa ankagula mapepala ndi zaka osalawa.

Achimwene a ku Thyolo: Nanga akafika naye ku Limbe m'dzinja, chinyontho chake chija?

Mayi a mapasa: Asamuike kukhitchini basi, amakoka fungo lililonse. Mungamwe tiyi wonunkha usipa.

Mlongo wa ku Limbe: Haha! Mawa ndipitanso. Ndikapempha andibenthulire magalamu 25 okha. Akakana, ndikagula nsapato za kasitomala wanga.