Galimoto yafera pakona usiku, bulekidauni ili kutali: tiyambire pati?

Konstabulo Watsopano
Mabwana ndi anzanga, ndigawireniko nzeru. Tinene kuti muli pa patrolo awiri usiku, mwapeza galimoto yaing'ono yafa mutangokhota pakona, matayala awiri ali pa tala, awiri kunja. Mkatimo muli mayi ndi ana awiri. Batire latheratu moti ngakhale mahazadi sakuyaka, ndipo a bulekidauni akuti afika pakatha maola awiri. Ena akuti tiwajampitse, kutanthauza kulizitsa injini ndi moto wa batire lina, azipita, ena akuti imeneyo ndi ya amakaniko. Udindo wathu ukulekezera pati?

Sajeni wa Pamsewu
Za batirezo zisiyeni kaye achimwene. Ganizani za dalaivala amene akubwera kuseri kwa konayo asakudziwa kanthu. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, galimoto imadya mamita 28 pa sekondi imodzi. Kuti maso aone, phazi lifike pa buleki, papita sekondi ndi theka, mamita 40 apita kale. Buleki yeniyeniyo pa tala wouma imafuna mamita ena oposa 50. Ndiye munthuyo akufunika mamita pafupifupi 100 kuti aime, ndipo kukagwa mvula mtunda wa bulekiwo umatsala pang'ono kuwirikiza. Thirayango yochenjeza ija yoikidwa mapazi khumi kumbuyo kwa bampala ndi yongokongoletsa.

Musanatsike, uzani a control, anzathu a ku ofesi yolumikiza apolisi pa wailesi, malo enieni, nambala ya galimotoyo ndi chiwerengero cha anthu. Valani jekete lonyezimira muli mkati momwemo. Galimoto yanu iime kumbuyo kwa yakufayo, pasiyidwe mpata wa magalimoto atatu kapena anayi, magetsi a buluu akuyaka, matayala akutsogolo mutawakhotetsera kuthengo. Wina akaigunda kumbuyo, ilowera kutchire m'malo mokapsinja anthu. Kenako mmodzi atenge thirayango ndi tochi, ayende m'mphepete atayang'ana komwe magalimoto akuchokera, akaiike kuseri kwa kona, pamene dalaivala aione asanayambe kukhota. Mamita 100 ndi mapazi ngati 130.

Mayi Sabu Insipekita
Ndionjezerepo pa za a Sajeni. Mayiyo ndi ana atsike, ndipo atulukire zitseko za mbali ya kuthengo. Akaime kuseri kwa zitsulo za m'mphepete ngati zilipo, kapena pamtunda, chakumbuyo kwa magalimoto onse awiri. Kutsogolo ayi, chifukwa galimoto ikagundidwa imakankhikira komweko. Pakati pa yanu ndi yawo pasaime munthu, ngakhale inuyo polemba m'kope.

Mafulu laiti anu muzimitse. Amathobwa m'maso amene akuchokera kutsogolo, ndiye saona wapolisi amene waima pamsewu.

Chinanso, muyang'anitsitse dalaivalayo polankhula naye. Munthu wa matenda a shuga, shuga wake akatsika, amatuluka thukuta, kunjenjemera, kuyankha zosokonekera, mpaka mungamuyese woledzera. Pakamwa popotoka, dzanja limodzi lolefuka, mawu osamveka, imeneyo ingakhale sitiroko, itanani ambulansi nthawi yomweyo. Nthawi zina galimoto imakhala ilibe vuto, wadwala ndi mwiniwake.

Konstabulo Watsopano
Zamveka bwana. Nanga kujampitsako, tichite kapena ayi?

Woyendetsa Galimoto za Polisi
Onani kaye malamulo a pa siteshoni panu, malo ena amaletseratu chifukwa wailesi ndi zida zina za m'galimoto ya polisi zimapsa magetsi akadumpha. Kabokosi kojampira koyenda nako ndiye kabwino kuposa kulumikiza magalimoto awiri. Pakonapo palinso vuto lina: kuti makebulo afike muyenera kuchotsa galimoto yanu pamene ikutchinga n'kukayang'anitsana mabonati. Musatero. Yambani mwaikankhira kunja kwa tala yakufayo, giya ili pa fili, kiyi atatembenuzidwa kuti chiwongolero chisaloke. Mumuchenjeze woongolayo kuti injini ikakhala yozima buleki imalimba ngati mwala akaiponda kawiri katatu, chiwongolero nachonso chimalemera. Pamtsetse musayese.

Mukafika pojampa: kebulo yofiira pa + ya batire lakufa, mbali inayo pa + ya lamoyo. Yakuda pa − ya lamoyo, mbali yomaliza pa chitsulo cha injini ya yakufayo, kutali ndi batire. Batire limatulutsa mpweya wa hydrogen, kamoto kothetheka pamwamba pake kangaliphulitse, asidi n'kukuthirani kumaso. Pochotsa muyambire komwe munathera. Batire long'aluka kapena lotupa musalikhudze. Mathiraki ambiri amayendera mavoti 24, yanu ndi ya 12, musazilumikize.

Koma funsani kuti batirelo latha bwanji. Ngati anaima nthawi yaitali magetsi ali chiyakire, kujampa kuthandiza. Ngati galimoto inazima ikuyenda, kanyali kofiira ka batire katayaka kale pa dashibodi, ndiye kuti alitaneta sikutchaja kapena lamba waduka. Mukaijampa iyenda pang'ono n'kukafanso kutsogolo, mwina poipa kuposa pamenepa, inu mutapita.

Sajeni wa Pamsewu
Eya, apo ndiye pamene ndimakanira za kujampa usiku. Ndipo ikakhala yotentha injini, chitsekero cha radiyeta asatsegule aliyense mpaka patadutsa mphindi 30 kapena kuposa. Madzi amakhala opanikizika, otentha kuposa madigiri 100, amatumphukira kumaso.

Woyendetsa Galimoto za Polisi
Kukoka ndi chingwe nakonso samalani. Ya otomatiki mukaikoka mtunda wautali injini ili yozima, pampu ya oyilo wa m'giyabokosi sizungulira, giyabokosi imapsa, mlandu n'kukhala wanu. Galimoto zoyendera magetsi zimafuna kunyamulidwa pa bulekidauni ya thebulo, yonyamula galimoto yonse pamwamba, ndipo mawaya ake a mtundu wa olenji musawagwire.

Insipekita wa Madandaulo
Ine ndikambeko za pepala, poti madandaulo ambiri amabadwira pamenepa. Bulekidauni asankhe mwini galimoto, agwirizane okha za malipiro. Ngati alibe woitana, a control aitane kuchokera pa mndandanda wovomerezeka. Wapolisi wotulutsa nambala ya mnzake m'thumba, mawa amuti amadya nawo. Pokhapokha galimoto ikutseka msewu ndipo mwini sakuoneka kapena akukana, m'pamene mumaichotsa mwa mphamvu ya lamulo, ndipo musanatero lembani katundu yense ali mkati ndi mabala amene galimotoyo ili nawo kale, mujambule zithunzi, mboni isayine.

Mukanyamula mayiyo ndi ana kupita nawo pamalo owala, otetezeka, nenani pa wailesi nthawi yonyamuka ndi mamailosi a pa dashibodi, pofika munenenso. Zimakutetezani nonse. Zonsezi zilowe mu OB, buku la pa siteshoni lolembamo zochitika.

Konstabulo Watsopano
Funso lomaliza mabwana. Tili pompo, a control atiitana kuti kwina kwachitika ngozi yoti anthu avulala. Tiwasiye?

Mayi Sabu Insipekita
Musagamule nokha. Auzeni a control mmene zilili: galimoto ikadali pa tala kapena yachoka, pali ana, kuli mdima. Iwo ndi amene akuona magalimoto onse, angatumize ena kungoziko kapena kuno. Akati pitani, galimotoyo ikhale itachoka pa tala, thirayango ikhale pamalo pake, anthu akhale kutali ndi msewu kapena mwawatenga, foni yawo ili ndi moto, ndipo nambala yawo mwaipereka ku control kuti aziwaimbira. Mukamaliza kwinako mudzerenso pomwepo.

Sajeni wa Pamsewu
Ndipo galimoto ikachoka, miyala imene munatchingira matayala muichotse pa tala. Wanjinga yamoto saiona usiku. Thirayango ya kuseri kwa kona ija muitole pomaliza penipeni, wina akukuunikirani.