Mwendo umodzi watupa atachira ndi opaleshoni, tithowe kapena tithamangire kuchipatala?

Atate a Taonga, Kapata
Anzanga ndithandizeni nzeru. Amai akunyumba anachira masabata atatu apitawo, ndi opaleshoni, mwana ali bwino. Koma kuyambira Lachiwiri mwendo wakumanzere watupa kuchokera pakatumba mpaka kuphazi moti patapata sikulowa, ukaugwira ukutentha ndipo akaponda pansi akuti ukukoka ngati mtsempha wamangika. Winawo uli bwinobwino. Apongozi anabwera kuchokera ku Chadiza kudzathandiza mwana, iwo akuti ndi mphepo chabe, tiwathowe ndi madzi otentha n'kuwasisita, ukakana kuphwa akatemere mphini. Ine mtima sukundikhala koma kutsutsana ndi apongozi mukudziwa kale. Alipo amene zinamuchitikirapo?

NaBanda
Atate a Taonga chonde musausisite mwendowo, musathowenso, pitani nawo lero lomwe osati mawa. Ine ndimagwira ntchito mu wodi ya azimayi ndipo zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi DVT, magazi kuundana mumtsempha wamkati mwa mwendo. Mimba payokha imapangitsa magazi kugwirana msanga, thupi limachita dala kuti mayi asataye magazi ambiri pochira, ndiye muonjezerepo opaleshoni ndi kugona masiku angapo osayenda, masabata 6 oyamba mayi atachira ndiye oopsa kwambiri. Ndipo kwa azimayi otere nthawi zambiri umakhala wakumanzere womwewo.

Chimene timaopa si mwendo ayi. Chibuluma cha magazicho chikathothoka chimayenda ndi mtsempha, kudutsa mumtima n'kukatseka m'mapapo, munthu amene mumacheza naye amangoyamba befu n'kugwa. Akangoti mpweya ukuchepa, pachifuwa pakubaya, kapena atsokomole magazi, musadikire kuti kuche, pezani galimoto usiku womwewo.

Mukafika ku Chipata Central nenani zonse zitatu, opaleshoni, tsiku limene anachira, komanso kuti watupa ndi umodzi. Amayeza akatumba onse awiri ndi tepi, wina akaposa mnzake ndi masentimita opitirira 3 ndi chizindikiro chachikulu, koma chotsimikiza ndi sikani ya Doppler, kamakina kofanana ndi kamene ankaonera mwana m'mimba kaja, amakayendetsa pantchafu ndi kuseri kwa bondo akudinikiza mtsempha. Kuli kuyeza magazi kwina kotchedwa D-dimer koma kwa mayi wongochira sikuthandiza kwenikweni poti kumakwera kale.

Mjomba wa ku Sinda
Koma azimayi onse miyendo imatupa akakhala ndi pakati, akazi anga ana anayi onse zinali choncho ndipo zinkatha zokha. Tisamaopsezane.

NaBanda
Mjomba, imeneyo imatupa yonse iwiri, sipweteka, ndipo imaphwa akagona. Nayonso ikabwera ndi mutu timayeza BP. Uwu ndi umodzi, wotentha, wopweteka, patapita masabata atatu. Si zofanana.

Amake Dalitso
Ine zinandigwira popanda ndi mimba yomwe. Ndimaoda salaula ku Lusaka, ndiye ulendo wina ndinakhala kumpando wakuwindo chikwama chili pamiyendo, madzi ndinakana kumwa poopa kuvutitsa dalaivala, pa Luangwa anzanga akutsika kukagula nsomba ine ndinangokhala kulondera katundu. Kupita tsiku lonse, kubwerako chimodzimodzi mawa lake, komanso ndinali pa mapilisi akulera aja akumwa tsiku ndi tsiku, amene ali ndi estrogen. Patapita masiku atatu katumba gwa ngati mwala. Ndinataya sabata yathunthu ndikupaka mankhwala osisitira ndi kumwa Brufen, ndimati ndinabinya potsitsa belo.

Atandipima anandiyamba ndi jakisoni wapamimba, heparin, masiku angapo kenako mapilisi a warfarin miyezi 3. Mankhwalawa sasungunula chibulumacho tsiku limodzi, amaletsa kuti chisakule, thupi ndiye limachichotsa lokha pang'onopang'ono, choncho musadabwe mwendo ukachedwa kuphwa, wanga unatenga nthawi ndithu ndipo mpaka pano ndikaima tsiku lonse pamsika umalemera. Warfarin ndi wovuta pang'ono, umapita kukayezetsa INR pafupipafupi, muyeso woona ngati magazi akugwirana msanga kapena mochedwa, amafuna izikhala pakati pa 2 ndi 3. Ine inkangosinthasintha mpaka anandifunsa zimene ndimadya, kunali nthawi ya dzinja ndiye chibwabwa ndi bondwe tsiku lililonse, sabata ina osadya n'komwe. Anati masamba musasiye koma muzidya mofanana. Brufen ndi aspirin anandiletsa, mapilisi akulera aja anandisinthira njira ina. Ndipo za mphinizo auzeni apongozi mwaulemu kuti munthu akakhala pa mankhwala amenewa ngakhale kalumo kakang'ono magazi sasiya msanga.

Pano basi ikaima pa Nyimba kaya pa Luangwa ndimatsika ndithu, katundu ndimamusiyira mnzanga.

NaBanda
Amake Dalitso mwanena zoona. Ndionjezere kuti warfarin woyamwitsa atha kumwa, amene timamuletsa ndi wapakati, ameneyo amakhala pa jakisoni. Rivaroxaban, mankhwala ena oletsa magazi kuundana, safuna INR koma woyamwitsa sitimupatsa. Ndipo ngati akumwa mankhwala a TB kapena ma ARV munene, osachita manyazi, rifampicin, amene ndi mankhwala a TB, amafooketsa warfarin kwambiri.

Atate a Taonga, Kapata
Zikomo nonse. Ndinawawerengera apongozi zimene analemba a NaBanda zija za m'mapapo, anangokhala chete kenako anatenga chitenje n'kubereka Taonga okha kuti tiyeni. Sikani yaonetsa kuti chibuluma chilipo kuseri kwa bondo, awabaya jakisoni woyamba ndipo agona konko. Amake Dalitso, masokosi othina a mwendo wotupa aja ena amanena munavalako? Amagulitsa kuno ku Chipata kapena mpaka ku Lusaka?