Ndithandizeni maganizo: ndikufuna PhD yolipiridwa kunja, ndalama ndili nazo za chinthu chimodzi chokha

Moni nonse. Pepani ndilemba zambiri, nkhaniyi yandisowetsa tulo.

Ndine mayi wa ana awiri, zaka 36, ndimakhala ku Chilobwe. Digiri yoyamba ndinaipanga ku Polytechnic, yomwe pano ndi MUBAS, masters ndinamaliza mu 2019. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, mtima wanga uli pa funso limodzi: chenjezo linkamveka pa wailesi, nanga bwanji anthu a m'munsi mwa phiri la Soche sanasamuke? Kutacha tsiku lomwe matope ndi miyala zinatsika m'phiri muja, ndinaona mayi woyandikana nafe akufukula matope ndi mbale yodyera nsima pamalo pomwe panali chipinda cha ana ake. Mpaka lero ndikamva mvula ikugunda malata usiku ndimadzuka n'kukhala tsonga. Ndikufuna kufufuza bwinobwino momwe machenjezo amafikira anthu a m'makomboni, ndi zomwe zimawalepheretsa kuchoka. Zimenezi zikufunika zaka zingapo, ondiyang'anira odziwa ntchito, komanso ndalama zomwe ine ndilibe.

Ndawerenga za Commonwealth Scholarship ya ku UK. Pa PhD amafuna kalata ya supervisor wa ku yunivesite ya kumeneko yosonyeza kuti ali wokonzeka kukuyang'anira. Ndiye kuyambira Juni ndalembera mapulofesa 14. Ayankha awiri okha. Mmodzi anati alibe malo. Winayo, mayi wina wa ku England, anandipempha proposal ya masamba awiri, nditatumiza anati mutu ndi wabwino koma watambalala kwambiri. Kuyambira pamenepo zii, masabata atatu tsopano.

Ndalama zomwe ndasunga kuchokera ku maganyu osonkhanitsa data zikukwanira mayeso a Chingerezi a IELTS okha. Chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023, chilichonse cholipira m'ndalama zakunja chimaluma, ndipo nditayesa kulipira application fee ya yunivesite ina khadi langa linakanidwa kawiri chifukwa cha forex. Kodi ndilembe IELTS panopa kapena ndidikire kaye supervisor? Mayi a ku England aja ndiwakumbutse, kapena ndiwatopetsa? Nanga amene munapita ndi ana, munatani?

Wa ku Zomba, ndinapita pa Commonwealth:
Achemwali, mayi amenewo musawataye. Pulofesa akakuuzani kuti mutu watambalala ndiye kuti wauwerenga, ndipo akudikira kuona ngati mumamva malangizo. Musalembe zongofunsa ngati analandira uthenga wanu. Konzani proposal ija, mutumize yatsopano, n'kuwafotokozera m'mizere itatu zomwe mwachotsa. M'malo mwa machenjezo a ngozi m'Malawi monse, tengani madera awiri okha, mwina Chilobwe ndi lina lomwe silinakhudzidwe kwambiri, muwayerekeze. Mutchulemonso pepala lawo limodzi lomwe mwaliwerengadi, musonyeze pomwe ntchito yanu ikulumikizana nalo. Maimelo ofanana otumizidwa kwa anthu 14 amadziwika msanga, n'chifukwa chake ambiri sayankha. China, muwauze poyera kuti simukupempha ndalama zawo, mukufuna kalata ya Commonwealth basi. Ambiri amangokhala chete poganiza kuti mukufuna akulipirireni okha. Musaiwale kuti kulemba pa webusaiti ya CSC (bungwe loyendetsa Commonwealth Scholarship) pakokha sikukwanira, muyeneranso kudzera ku bungwe losankha anthu kuno kwathu. Ine ndinadzera ku DHRMD (dipatimenti yoona za ogwira ntchito m'boma) ku Lilongwe, ndipo tsiku lawo lotsekera muliyang'ane palokha. Amafunanso kuti mukamaliza mubwerere kudzagwira ntchito kwanu, ndiye nkhani ya Soche ija muiike patsogolo, ndiyo mphamvu yanu.

Ndili ku Bergen:
Asisi, musangoyang'ana ku UK. Ku Norway, Sweden, Denmark ndi Netherlands PhD nthawi zambiri ndi ntchito, imalengezedwa ngati vacancy, mumalandira malipiro mwezi ndi mwezi n'kumadula msonkho ngati wina aliyense. Kuno ku Norway ndi zaka zitatu, kapena zinayi ngati mukuphunzitsako gawo lina la nthawi yanu. Ine sindinalipire application fee, ndipo supervisor anali kale pa project. Yang'anani pa mawebusaiti olengeza ntchito a Jobbnorge ndi Euraxess sabata iliyonse. Vuto lake n'lakuti mutu amakhala atasankha kale, ndiye wanu wa Soche uyenera kulowa mwa wawo, ndipo amayang'anitsitsa ngati masters yanu inali ndi thesis yokwanira. Ine ndinakanidwa kasanu ndi kawiri ndisanaitanidwe ku intavyu. Mukonzekerenso mdima, mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 3 koloko masana.

Mayi mnzanu wa ku Namiwawa:
Za IELTS dikirani kaye. Zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, ndiye mukalemba lero n'kupeza malo mochedwa mudzalipiranso. Funsani ofesi ya admissions ya yunivesite ya mayi aja ngati amalandira kalata yosonyeza kuti maphunziro anu onse anali m'Chingerezi. Ena amalandira, ena amakana, koma kufunsa n'kwaulere. Akakana ndiye mulembe, ambiri amafuna 6.5 kapena kuposa. Za ana, kuyambira Januwale 2024 dziko la UK linaletsa a masters yam'kalasi kutenga mabanja, koma a PhD akuloledwabe. Ine ndinawasiya kwa agogo awo chaka choyamba mpaka nditapeza nyumba. Mwana wanga wamng'ono ankabisala kuseri kwa chitenje cha agogo ake ndikaimba video call, sindikufuna kukunamizani kuti zinali zophweka. Pa visa mudzafunikanso satifiketi yoti mwayezetsa TB.

Wina:
Yesaninso scholarship ya Chevening ya ku UK.

Wa ku Zomba:
Chevening ndi ya masters ya chaka chimodzi, siikhudza PhD. Zoti angayese ndi scholarship ya DAAD ya ku Germany kapena ya Gates Cambridge. Ndipo achemwali, akakulowerani ku inbox anthu onena kuti akupezerani scholarship mukawapatsa kangachepe, musawatumizire ngakhale tambala. Mafomu a mabungwe amenewa amapezeka pa mawebusaiti awo.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga ndemanga iliyonse kawiri. Zoti maimelo anga anali ofanana n'zoona, ndimangosintha dzina pamwamba. Usiku uno ana akagona ndikhala pansi ndi proposal ija, nditsale ndi madera awiri, Lachisanu ndiwatumizire mayi aja. Ndalama za IELTS ndaziika padera mpaka a admissions ayankhe. Asisi a ku Bergen, masters yanga inali ya zaka ziwiri ndipo thesis ndinaipanga pa madzi a m'zitsime ku Ndirande, kodi imeneyo ingakwanire? Ndipo inu a ku Zomba, ngati mungalole kundionera masamba awiriwo ndisanatumize, ndiuzeni ndikupezeni ku inbox.